Makiyi a Zikani

Judith ankaphunzira za upandu pa koleji ina mu Mzuzu. Chaka chomaliza aphunzitsi anauza ophunzira kuti aliyense apeze munthu amene anapalamulapo mlandu, acheze naye, kenako adzafotokoze m'kalasi chimene chinamulakwitsa. Anzake anatha nsapato kupempha chilolezo cholowera kundende. Iye sanavutike, poti wopalamulayo ankadya naye mbale imodzi ku Chibanja: mlongo wake Zikani, amene anaseweza zaka zitatu kundende atathyola sitolo kwawo ku Nkhata Bay.

Tsopano Zikani ankasunga makiyi pamalo ogulitsira matabwa a bambo Gondwe. Bwanayo za ndendezo sankazidziwa, ndipo pa zaka zinayi sipanasowepo ngakhale msomali. Ntchito imeneyo ndiyo inamubwezera umunthu.

"Achimwene, dzina lanu sindilemba," Judith anamunyengerera Lamlungu atachoka kutchalitchi. "Ndidzangoti Respondent A."

Zikani anakana kawiri, kachitatu anagonja. Anafotokoza za bwato limene linamira ndi bambo awo, za njala ya chaka chimenecho, za anzake a padoko amene anamuphunzitsa kutsegula loko ndi waya. Ananenanso kuti atatuluka, ngakhale nkhuku ikasowa pamudzi anthu ankayamba kufunsa iye, mpaka anathawira ku Mzuzu.

Dzina analibisadi. Koma Judith anakulira kunyanja, kumene munthu sumutchula osanena kwawo, makolo ake ndi mpingo wake. Kulemba za munthu wopanda kwawo kunamuonekera ngati mwano. Choncho Respondent A anakhala mwana wa mkulu wa mpingo amene anamira m'nyanja, ndipo pofuna kuti onse aone kuti mlongo wake anasintha, anawonjezera monyadira kuti lero amasunga makiyi pamalo a matabwa panjira ya ku Chiputula.

Tsiku lofotokoza analankhula mosadodoma. Anati akatswiri ena amaloza umphawi, kuti munthu akatsekeredwa njira zonse zoyenera amadutsa pawindo. Ena amati kuba kumaphunziridwa kwa anzako ngati ntchito ina iliyonse. Enanso amati anthu akakumata dzina la wakuba, dzinalo limakukankhira komweko. Aphunzitsi anaomba m'manja, Judith mtima unayera. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Potuluka, mnzake wa m'kalasi Wezi anamugwira dzanja n'kumuthokoza m'Chitumbuka. "Yewo chomene, asisi, mwafotokoza bwino. Malo a matabwawo ndi a geti lobiriwira aja?"

Apa m'pamene Judith anakumbukira kuti Wezi ndi m'bale wa bambo Gondwe. Anamupempha kuti asakaulule, anamuchonderera mpaka pa siteji ya minibasi. Wezi anangoti, "Musadandaule, ine ndine professional." Anthu ophunzira amalonjeza m'Chingerezi kuti bodza lisawawawe pakamwa.

Lachinayi Judith pobwera kukoleji masana anapeza Zikani atakhala pakhonde, ovolosi ili pamwendo.

"Bwana amva za ndende zija, andilanda makiyi," iye anatero. "Sanakalipe ayi. Akuti alibe nane chifukwa, koma mtima wawo sungakhale m'malo. Awerenga matabwa onse ine nditaima pomwepo, apeza ali okwanira, ndiye andiuza kuti ndisabwerenso."

Judith anafuna kunena kuti apita akawafotokozere bambo Gondwe, koma akanafotokoza chiyani? Zonse anali atazifotokoza kale, momveka bwino, pamaso pa anthu makumi anayi. Anachita manyazi, ndipo anadana nalo pepala limene linali m'chikwama mwake.

"Pepani, achimwene."

Zikani anapinda ovolosi ija mosamala, osamuyang'ana.

"Nanga mayesowo wakhoza?"

"Ndakhoza," Judith anayankha motsitsa mawu. "Ndaposa onse."

"Ndi bwino, mlongo wanga," Zikani anatero. "Zikanakhala zomvetsa chisoni kuti tilephere tonse awiri."