Dzina pa Chitsulo cha Dzimbiri

Mayi Elube ankayanika zovala kuseri kwa nyumba ku Nigel, tauni ya ku Joni, pamene mwana wawo Deborah anafika ali wefuwefu, manja ali penti yokhayokha.

"Amayi, tasiyani zimenezo. Agogo tawapeza."

Kwa miyezi itatu Deborah ndi achinyamata anzake ankalambula manda akale a anthu a m'migodi, omwe anali atasanduka dzala. Ankazula tchire, kupala dzimbiri pa zitsulo za pamanda ndi kulembanso mayina, kuti dera lawo lilemekezeke. Mayi Elube ankawatumizira tiyi, koma okha sanapondeko. Bambo awo anachoka ku Ntcheu iwo ali khanda, osalembako kalata. Mudzi wonse unkati ndi mtchona, anakwatira ku Joni. Mayi Elube ankapempherera aliyense, ngakhale oyendetsa matekisi, koma dzina la bambo awo ankalidumpha dala.

Anasiya zovalazo, natsatira Deborah. Kumandako mtsikana wina wachizulu anawavundikirira ndowa kuti akhalepo, nasuntha kuti awone bwino. Pachitsulo panalembedwa kuti Kenias Chikaonda, 1967.

Linali dzina la bambo awo, ndipo anamwalira chaka chomwe ananyamukira kumudzi. Munthuyo sanadye ngakhale Khirisimasi imodzi ku Joni. Kwawo palibe anamulira, palibe anameta.

Mayi Elube anatsika pandowa, nagwada m'fumbi. Achinyamata anaika makasu pansi.

"Bambo, ndine Elube, mwana wanu uja," anatero mokweza. "Tinkati munatitaya. Ndikhululukireni, bambo."