Khoswe wa Eni Nyumba

Mvula itangoyamba, denga la nyumba ya lendi imene ankakhala bambo a mapasa linayamba kudontha, ndipo linasankha pabwino: pamwamba penipeni pa bedi. Anakankhira bedi kukhoma, madzi n'kuwatsatira konko. Ndowa, beseni ndi mapoto zonse zinathera kuchipinda.

"Bambo, tawaimbirani eni nyumba," anatero mayi a mapasa m'mawa wina akufinya bulangete. "Denga ndi lawo, si lathu."

"Ndiwaimbira," anayankha bamboyo, n'kunyamula makina awo ometera tsitsi, ulendo wa kuntchito.

Chimene chinkawamanga manja chinali zenera la pabalaza. Masiku apitawo khoswe anali atalowa m'nyumba, iwo n'kumugenda ndi nsapato. Khoswe anapulumuka, koma galasi ayi. Pamalo pa galasi anatsekapo ndi katoni. Bambo a mapasa anali munthu wolongolola tsiku lonse akamameta anthu, koma pakamwa pankauma akaganiza za eni nyumba, mayi wachikulire amene anapuma ntchito ya unamwino, wa maso osaphonya kanthu.

Mayi a mapasa zitawakwana anaimba okha foni. Loweruka m'mawa eni nyumba anatulukira ndi kalipentala, makwerero ali paphewa. Bamboyo anathamanga kukatsamira pazenera, msana utaphimba katoni.

"Odi muno! Mwadzuka bwanji, bambo? Nanga mwangoima njo ngati mlonda bwanji?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu. Msanawu ukuvuta pang'ono, ndikuuwongola."

Eni nyumba analowa kuchipinda. Ataona matiresi onyowa ndi nkhungu pakhoma, anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ana anga, mukugona m'dziwe ndi makanda, osanena? Nyumba ikawola, yawola yanga. Malata, mapaipi, makoma, zonsezo ndi za ine. Yanu ntchito ndi kuisamala ndi kundiuza msanga."

Kalipentala anakwera musiling'i kukaona ngati matabwa a denga anali amoyo. Posakhalitsa kunamveka khwaa! Fumbi linadzaza pabalaza, ndipo mwendo wathunthu unatulukira kumwamba, uli lendelende pamwamba pa tebulo.

"Ndili moyo!" anakuwa kalipentala. "Koma wina andikankhe!"

Bambo a mapasa anaiwala za msana. Analumphira patebulo n'kuukankha mwendowo mpaka unabwerera kwa mwini wake. Potsika anapeza katoni ili poyera, eni nyumba akuiyang'ana manja ali m'chiuno.

"Bowo lakumwambalo ndi langa, poti kalipentala ndabwera naye ndine," anatero mayiwo. "Nanga ili ndi la ndani?"

"Anagenda khoswe ndi nsapato, mayi," anatero mayi a mapasa, akulephera kubweza phwete. "Khosweyo ali gwa mpaka lero."

Apo manyazi anatha, lilime la wometa n'kubwerera m'malo mwake.

"Komatu mayi, tiyeni tiione bwino nkhaniyi. Khosweyo analowera pa una wa pakhoma la kukhitchini. Makoma mwanena nokha kuti ndi anu. Ndiye kuti khoswe ndi wanu."

Eni nyumba anaseka mpaka anachita kukhala pansi, akupukuta misozi ndi mpango.

"Chabwino, khoswe ndi wanga, ndamulandira. Nanga nsapato?"

"Yanga."

"Dzanja loponyalo?"

"Langanso, mayi."

"Basitu. Ine nditseka una ndi simenti, inu muike galasi."

Kalipentala atatsika anayeza zenera, ndipo bambo a mapasa anapita kusitolo ya zipangizo. Pobwera ankayenda pang'onopang'ono ngati mkwati, galasi atalikumbatira pachifuwa, akukuwira aliyense wa njinga kuti adutse kutali. Anafika thukuta lili kamukamu, n'kupeza nyundo ikulira padenga, malata awiri atsopano akung'anima.

Eni nyumba sanafulumire kubwerera. Anavula nsapato, anamwa tiyi, kenaka anapempha kunyamula ana. Mmodzi anawagonera pachifuwa, winayo n'kuwagwira chala osafuna kusiya.

"Lachitatu ndibweranso," anatero motsitsa mawu.

"Kudzaona siling'i?" anafunsa bambo a mapasa.

"Siling'i abwerere kalipentala. Ine ndikubwerera azukulu angawa."