Mthunzi wa mu Juni

Jestina anasiya khasu m'dimba la kachewere n'kuuyamba wa kusukulu kukatenga mwana wake. Zodikira msonkhano wa makolo analibe nazo nthawi, misonkhano anaikhala yokwana. Pilira wake wa sitandade wani chifuwa chinali chitamukakamira, milomo itachita kung'ambika. Ngati kuphunzira kwake n'kumeneko, bola azikhala pakhomo n'kumaingitsa nkhuku.

Zipinda pasukulupo zinali zosakwanira, ndiye kalasi imodzi inkaphunzirira panja. Ahedi atsopano, a Zikhalo, anachokera ku Chikwawa, kumene mthunzi ndi chuma. Atafika mu Januwale anazungulira bwalo lonse n'kusankhira ana aang'ono mthunzi wabwino koposa, pansi pa mitengo ya paini. Iwo ankati akuwakomera mtima. Koma tsopano unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya ku Bembeke inkadutsa m'mitengomo ngati yachita kutumidwa.

Jestina anawapeza mu ofesi atavala majekete awiri. Moni anapereka wachidule, n'kunena kuti wabwera kudzatenga mwana ndipo sadzabweranso. Atamufunsa chifukwa, anati pakamwa patopa, koma miyendo ali nayo, atuluke akaone okha.

Anawo anali atakhala pamiyala, manja ali m'khwapa. Mphunzitsi wawo, a Yeremiya, choko chinkawapulumuka m'zala. Jestina anadzutsa Pilira n'kuloza mwala wake.

"Takhalani apa, ahedi. Pang'ono pokha."

Ankayembekeza kuti akalipa. Koma bambowo anavula jekete limodzi, n'kumufunditsa Pilira, n'kukhala. Anakhala mpaka ana anamaliza nyimbo ya zilembo, mano akugundana. Podzuka anafunsa a Yeremiya chifukwa chimene sanawauzire. A Yeremiya anayang'ana pansi, amvekere ahedi akale sankakonda kuuzidwa zochita.

"Ine muzindiuza, aphunzitsi. Kuno ndine mlendo, nyengo mukuidziwa ndinu."

Kenako maso awo anagwa pa chitseko cha sitandade eyiti, chimene chinali ndi loko chilembereni mayeso mu Meyi. Anaitanitsa achiwiri awo, mayi Fadila, osunga makiyi. Mayiwo anafotokoza mwaulemu kuti mwambo wa pasukulupo ndi wakuti chipindacho chizikhala chotseka mpaka Seputembala, poopa kuti tiana tingaononge madesiki.

"Madesiki sakhosomola, mayi," anatero a Zikhalo. "Tsegulani. Desiki likathyoka, wofunsidwa ndine."

Ana anathamangira m'katimo akukankhana n'kukhala, miyendo ili lendelende pamadesiki aataliwo. Jestina sanamutaye dzanja Pilira. Anafunsa kuti nanga chaka chamawa, kuzizira kukadzayamba a sitandade eyiti asanalembe mayeso, tianato tidzapita kuti? Ahedi sanamunamize. Anati yankho analibe, koma Lachisanu akhala pansi ndi aphunzitsi onse, ndipo kalasi yapanja izisuntha ndi nyengo. Anamufunsanso kumene dzuwa limayambira kuwomba m'mawa. Jestina analoza ndi mlomo khoma la kum'mawa, kuseri kwa mphepo.

Anasuzumira m'chipindamo. Zenera limodzi linalibe galasi.

"Apo ndibweretsa thumba lotseka mawa," anatero Jestina. "Misomali mupeze nokha."

Anamuvula Pilira jekete lija n'kubwezera eni ake, n'kumukankhira pakhomo la kalasi. Kachewere anali akumudikira kudimba, ndipo dzuwa linali litakwera kale.