Chithunzi cha Si Tahar

Chithunzi cha malemu bambo anga, Si Tahar, ndi chimene chinaulula vutolo. Pa kompyuta ankaoneka bwinobwino, ataima pakhomo pa shopu yawo ya mafuta ophikira kuno ku Sfax. Pa foni ankatuluka atapendekeka, nkhope itang'ambika mizeremizere ngati nsalu yothothoka ulusi.

Ine ndi mnzanga Lassaad tinkathandiza nawo, mongodzipereka, kulemba nkhokwe ya mapulogalamu yomwe anthu a m'mayiko ambiri amaonetsera zithunzi pa makina osiyanasiyana. Zithunzi zathu zoyesera zinali za muyeso wokwana bwino, ndiye palibe anaonapo cholakwika. Cha bambochi ndinachidula ndekha mwachisawawa, m'lifupi mwake n'kutsala timadontho ta chithunzi tosakwana gulu la tinayi.

Ndinalimbana nacho mpaka mutu kuwawa, kenaka ndinatulukira. Foniyo imafuna kuti mzere uliwonse wa chithunzi uyambire pamalo ogawika ndi zinayi. Mzere ukaperewera, imaika kampata kopanda kanthu kumapeto kwake. Pulogalamu yathu sinkalumpha kampatako, ndiye mzere uliwonse unkasendera pang'ono.

Ndi kamwa langa losasungali, ndinamufotokozera Lassaad tikumwa tiyi wothira mtedza wa maamondi.

"Iwe Wided, mutu wakowu ndi wamoto!" anatero. "Tanditumizira chithunzicho ndiyesere pa foni yanga."

"Koma usawauze oyang'anira nkhokwe. Ndikufuna ndikonze ndekha, dzina langa lilowe nawo."

"Aa, mlongo wanga, ine ndingakupange zimenezo?"

Ndinamutumizira, ndipo anandipangadi. Sabata isanathe oyang'anira nkhokwe analengeza kuti vuto latha, wokonza ndi Lassaad, ndipo anamupatsa mpando pakati pawo. Ndinamuimbira nditakwiya.

"Bola zakonzeka, si choncho?" anayankha akutafuna kanthu. "Dzina n'chiyani iwe? Usamachite ngati mwana."

Za dzina langalo ndinazisiya. Chimene chimandidya mtima ndi china. Chithunzi chija Lassaad anachiika m'gulu la zoyesera, ndiye aliyense wosintha kanthu m'nkhokwemo, kaya ali dziko liti, makina ake amayamba aona ngati bambo anga aima mowongoka. Anachitcha "mdala wina".

Ndinapempha oyang'anira kuti alembepo dzina lawo lenileni. Amene anandiyankha ndi Lassaad yemweyo, mwaulemu wake wonse: kusintha dzina la chithunzi kungasokoneze zoyesera, choncho pempho langa alikana.