Msilikali wa Ndevu

Zebedee anali asanaponde pansi bwinobwino pamene chikwama chake chinathothoka paphewa. Basi yochokera ku Ntcheu inali itangoima pa depoti ya Mzuzu, hafu sikisi m'mawa, ndipo oyitanira anali ataunjikana pakhomo ngati ntchentche pa usipa.

Wolanda chikwamayo anali Stanford, chimunthu cha khosi lonenepa, woyitanira minibasi za ku Karonga. Anthu amenewa ndimo amagwirira ntchito yawo. Kufunsa komwe ukupita sadziwa, amangothawa ndi katundu kuti mwini wake alondole.

Koma Zebedee sankapita ku Karonga. Anali kalipentala amene anapuma usilikali, ndipo dzina lake linali likadali m'gulu la asilikali odikirira, aja amaitanidwa Loweruka limodzi pamwezi kukachita maphunziro kukampu ya ku Kaning'ina. Kawiri konse anafika perete itatha chifukwa basi inafera panjira, ndipo Sajeni Meckson anamuuza kuti kachitatu dzina lifufutidwa. Panalinso lamulo loti womenya munthu wamba abweze yunifomu tsiku lomwelo. Kunena zoona, yunifomu imeneyo ankaikonda kuposa mipando yonse imene anakhomapo.

Anathamanga n'kugwira lamba wa chikwamacho, akupempha mwaulemu. Stanford anangoti, "Tiyeni dada, malo alipo," n'kukoka. Uyu kukoka, uyo kukoka, mpaka zipi inang'ambika. Yunifomu, chipewa ndi majombo zinakhuthukira m'matope, popeza panjira saloledwa kuvala.

Maso a anthu onse pa depoti anagwera pa yunifomuyo.

Tsoka ilo, sabata yomweyo achifwamba ovala zachisilikali anali atathyola nyumba zitatu ku Katawa n'kukhapa bambo wina ndi zikwanje. Ndiye apa panaima Zebedee, munthu wa ndevu za mwezi wathunthu, mimba itatsogola. Chizolowezi chake chinali kukameta kwa mlongo wake ku Ching'ambo asanalowe kukampu.

"Msilikali wanji wa ndevu ngati tonde?" anafunsa Stanford, akuyang'ana anthu. "Ndi yemwe uja wa ku Katawa uyu. Munkhungu!"

Liwu la Chitumbukalo Zebedee ankalidziwa, limatanthauza wakuba. Anayesa kunena kuti chiphaso chake cha usilikali chili m'thumba la malaya a yunifomuyo, koma njerwa inamupeza pakamwa mawu asanathe. Mano awiri anagwa. Kenako zinangokhala mvula: zibakera, mateche, thabwa la benchi. Wina anamuswa nsidze ndi sipanala, magazi n'kutseka diso. Ngakhale amene sanamve chiyambi cha nkhani ankadumpha anzawo kuti aponyeko lawo dzanja.

Zebedee anagwada, mutu pansi, manja atawapanira m'khwapa. Ankadziwa zomwe manja amenewo akanachita atawamasula, ndipo ankaziopa kuposa zibakera za anthuwo.

Kenako anamva fungo la petulo. Wa njinga yamoto wina anali atapopera m'botolo, ndipo Stanford ankabwera atanyamula tayala m'mwamba. Apo mantha anamugwira Zebedee, mantha enieni a imfa. Anadzuka kamodzi n'kamodzi. Chigongono chake chinakumana ndi chibwano cha Stanford, fupa linalira kuti thyo, chimunthu chija chinagwa chagada tayala lili pamimba. Wa botolo uja anapotokoledwa mkono mpaka analira mayi wake.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Mpata umenewo ndi umene mayi Hilda, wogulitsa nthochi pageti, analowera pakati. Iwo anali atapisa m'thumba la malaya aja, ndipo anakweza chiphaso m'mwamba.

"Mulekeni! Nkhope si yomweyi? Mufuna kuotcha msilikali wa boma, anthu opanda nzeru inu?"

Abale, kuthawa kwake! Mphindi imodzi yokha, aliyense anali pa ntchito yake ngati sanaonepo kanthu. Mayi Hilda anamupatsa Zebedee madzi osukusula, iye n'kuthokoza kuti yewo ndi mlomo wotupa. Anamanga katundu wake m'jumbo, nakwera kabaza. Zokameta zinathera pomwepo.

Anafika pageti la kampu kutatsala mphindi khumi kuti perete iyambe. Mtima unakhala pansi, ulendo uno sanachedwe. Koma Sajeni Meckson anali ataima pomwepo, foni ili m'manja. Kanema wa ndewu ya kudepoti anali atafika kale, ndipo amene anajambula anayambira pa chigongono. Za tayala ndi petulo sizinkaoneka bwino.

Zebedee anafotokoza zonse, malovu a magazi akudontha. Sajeniyo anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana nsidze yosweka ija, ndipo chisoni chinkaoneka pankhope pake.

"Ndikukukhulupirira, Zebedee," anatero. "Ndikanakhala ine ndikanathyola atatu. Koma akuluakulu aonera kale, ndipo lamulo liposa mphamvu. Bweretsa jumboyo."

Zebedee anagwada pa msewu, natulutsa yunifomu ija. Anasasa matope, naipinda bwinobwino monga anaphunzitsidwira, chipewa pamwamba, naipereka ndi manja awiri. M'katimo anzake anali atayamba kuguba. Anaima kunja kwa waya akumvetsera majombo awo mpaka misozi inasakanikirana ndi magazi.

Kenako anaimitsa kabaza. Basi ya ku Ntcheu imanyamuka teni koloko, ndipo pokwerera pake ndi pa depoti pomwe paja.