Alamu Yolira M'thumba

Dzuwa la Okutobala linawotcha kuyambira m'mawa, ndipo mumsewu wa Nakatindi munalibe kamphepo. Inambao anali kuthirira maluwa kutsogolo kwa nyumba yake ya alendo pamene Choongo, mwini nyumba ya alendo yoyandikana nayo, anasuzumira pampanda atakweza foni.

"Ba Inambao, onani! Utsi ukangotuluka mu rumu, foni ilira. Ngakhale nili ku Dambwa, nimvera. Ni mwana wanga Miriam ananitumizira ma alamu aya."

"Taona," anatero Inambao.

Aka kanali kachitatu sabata imeneyo Choongo kumuonetsa foniyo. Mwana wa Inambao anali ku Lusaka, ndipo chimwalirire amayi ake anali ataimba foni kawiri kokha.

Tsikulo kunali kubwera woyendera za moto. Popanda satifiketi yake, alendo a ukwati amene analonjeza kufika Loweruka sakanagona kwa Inambao. Woyenderayo, Mayi Akufuna, atangotsika galimoto, Inambao anawachingamira pageti.

"Amayi, nifunseko. Tuma alamu twa pafoni utu, lamulo livomereza?"

"Muli nato?"

"Ine ayi. Ni ba neba. Muyang'anitsitse."

Mayi Akufuna anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tiyeni mukaone nokha, pakuti mtima wanu uli kumeneko."

Kwa Choongo, mayiyo sanafune n'komwe kuona foni. Anati mlendo ali m'tulo sadzutsidwa ndi foni ya munthu amene ali ku Dambwa. Anawerenga pepala la m'bokosi la ma alamuwo, nauza Choongo kuti azimitse magetsi a nyumba yonse. Inambao anaima pakhomo manja ali kumbuyo, akudikira. Mayiyo anakwera pampando napopera utsi wa m'kachitini pa alamu.

Alamu inalira mpaka galu anathawira kuseri. Zipinda zina zonse zinayankha.

"Ili na batire yake," anatero Mayi Akufuna, akulemba. "Yakhoza. Manje tiyeni kwanu, atate."

Choongo anawatsatira osaitanidwa.

M'chipinda choyamba cha Inambao, mayiyo anayang'ana kudenga. Alamu inali itavala sokosi yakuda. Inambao anaiveka yekha nthawi ya dzinja, alendo atadandaula kuti ikulira akayatsa koyilo ya udzudzu. Anachita chimodzimodzi m'zipinda zonse zinayi, kenako anaiwala.

"Imvera mphepo, ba Inambao?" anafunsa Choongo. "Mu Okutobala?"

Mayi Akufuna anavula sokosiyo napopera utsi. Zii. Anatsegula chivundikiro. Batire inali itatupa, itadontha madzi oyera amene anadya mawaya. Zina zitatu zinali chimodzimodzi.

"Sinisaina," anatero. "Nibwera Lachisanu m'mawa. Zikapanda kulira, alendo anu apeze kwina."

"Kwina kuliko," anatero Choongo, akuloza kwake ndi chibwano. Kenako anaona nkhope ya mnzakeyo, naleka kuseka.

Galimoto itapita, Choongo anabwerera atanyamula bokosi.

"Miriam anatumiza zambiri. Zatsala zinayi. Tengani chabe, nimanga nekha lero lomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa ine."

Inambao anatulutsa imodzi. Inali yoyera, yosalala, yopepuka ngati mbale ya tiyi. Anaitembenuza kawiri. Anaifuna, ndipo Choongo anaona kuti waifuna.

"Koma foni yanu ni ya mabatani," anapitiriza Choongo. "Palibe vuto. Tizilumikiza ku yanga. Kwanu kukafuka utsi, ine nizayamba kudziwa, nibwera kukuuzani."

Inambao anaganiza za Choongo ali pakati pa anthu kutchalitchi, akutulutsa foni, akulengeza kuti kwa ba Inambao wina wapsereza mazira. Anabwezera alamuyo m'bokosi, natseka bwinobwino.

"Nyumba yanga siizalira m'thumba mwanu."

"Ah, ba Inambao! Lachisanu ni mkuja. Mukazisowa m'tauni?"

"Ndiye alendo ni anu."

Choongo anaima pang'ono, bokosi lili m'manja, kenako anatuluka pageti akupukusa mutu.

Inambao anatenga makwerero, namasula ma alamu akufa onse anayi. Anaika imodzi m'thumba la jekete kuti akaonetse m'sitolo, anakhoma geti, nakaima pamsewu kudikira minibasi yopita m'tauni.