Mayi wa pa Dooko Sadziwa Kutukwana

Kwathu kuno milungu siivuta kubadwa. Anthu akamafukiza lubani pamalo amodzi, akutchula dzina limodzi chaka ndi chaka, tsiku lina mumangopeza wina wakhala pamenepo akukoka utsi. Chakudya chake ndi utsiwo, ndipo amadziwa zokhazo zimene anthu amanena za iye. Mulungu wa kumsika wa abakha ndi wachibwibwi, chifukwa munthu woyamba kumufotokoza anali wachibwibwi, ndiye anthu ankabwereza nkhaniyo momutsanzira. Wa pakhona la msewu wopita ku Can Tho ntchito yake ndi kuimitsa njinga zamoto basi, ukamupempha mvula amangokuyang'ana. Akale anatisiyira lamulo limodzi lokha: munthu wamoyo samumangira kachisi, chifukwa dzina silikwana anthu awiri.

Ine ndine Muoi, ndimagulitsa phala la mpunga ndi nsomba pa dooko la Cai Tram. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa, chipande chili m'manja.

Amayi Lua ndiwo ankaolotsa anthu pa dooko limeneli. Chaka cha chigumula chachikulu, madzi atafika m'madenga, iwo anapalasa bwato lawo uku ndi uku kutola anthu ngati akutola nkhono. Madzi ataphwera, opulumukawo anayamba kusiya nthochi pa chikhomo chomangirira bwato. Amayi Lua ankadya nthochizo, makoko n'kuponyera m'madzi. Kenako boma linamanga mlatho, bwato lija linaolera mu namasupuni, koma nthochi sizinaleke. Wina anawonjezera lubani. Mwamuna wina amene anamutola ali kamwana, atalemera ku Saigon, anabwera kudzamanga kachisi wa matailosi obiriwira, mmisiri n'kusema fano, mkulu wa miyambo n'kulitsegula maso ndi utoto wofiira. Akuluakulu anang'ung'udza ndithu za lamulo lija, koma tsiku limenelo kunali nkhumba yootcha, ndipo pakamwa podzaza sipatsutsa.

Fanolo linkafunika nkhafi m'manja. Tham, mwana wamkazi, mmodzi yekhayo wa amayi Lua, anakaitenga kuseri kwa chitseko osapempha.

Umu ndi mmene Mayi wa pa Dooko anabadwira. Nkhope ndi ya amayi Lua ali mtsikana, koma yosalala kuposa mmene inalili, mawu ofewa, ndipo aliyense amamutcha mwana wake wokondedwa. Zimenezi anazitenga m'kamwa mwa anthu, osati kwa eni dzina. Amayi Lua enieni anali ndi mano akuda, malovu ofiira chifukwa cha masamba amene ankatafuna, ndi lilime loti likakupeza m'mawa umakhala wasamba kale. Mwana wawo sanamutchulepo dzina. Anali "bakha iwe" kuyambira ali kumsana.

Mabasi a alendo atayamba kubwera, Tham ndiye anakhala wosamalira kachisi. Vuto linali loti amayi ake ankakonda kukhala pakhomo pomwepo, miyendo tambalale.

"Agogo, ndinudi amene munalimba mtima chonchija?" alendo ankafunsa, manja ali pachifuwa.

"Kulimba mtima kwa chiyani? Ndinkanjenjemera mpaka kudzikodzera. Ine ndinapita kukatenga kabakha kangaka padenga, enawo ankangodziponyera m'bwato. Ndikanawataya? Iwe wa malaya ofiira, waponda tsabola wanga!"

Alendo ankabwerera nkhope zitagwa, ndipo Mayi wa pa Dooko ankazilala ngati nsalu yochapidwachapidwa. Tham manyazi ankamugwira. Anakonza kanyumba ka kuseri, pafupi ndi khola la abakha, n'kunyamulira mkeka wa amayi ake kumeneko.

"Kuno kuli kamphepo kabwino, amayi. Utsi uja ukukutsokomoletsani."

"Ukundibisa, bakha iwe. Nena zoona, sindikumenya, manja anatha mphamvu."

Cholakwa chenicheni chinachitikira pa benchi yanga. Mzimayi wina wa magalasi, wochokera kutali, atamaliza phala anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi tsiku la chikumbutso cha imfa ya Mayi limakhala liti? Tikufuna tidzabwere ndi nsembe." Kwathu kuno wakufa amadyetsedwa pa tsiku limene anamwalira, ndipo mulungu wopanda tsiku lotere anthu amamukayikira. Tham anali ataima pomwepo ndi mtolo wa lubani. Kuseri kunkamveka amayi ake akutukwana abakha. Tham anatchula tsiku la m'mwezi umene madzi amayamba kukwera. Ine ndinamva, ndinapitiriza kuvundula phala langa.

Chaka chotsatira kunabwera mabasi angapo. Chaka chinacho anadzaza msewu mpaka kumlatho. Kunali ng'oma, anthu ovina atavala ngati mikango, nkhumba zootcha zitandandalikidwa ngati ana asukulu, anthu akulira maliro a munthu amene anali kuseri akusenda adyo. Ife a pamudzi tinkadziwa, koma pakadafunda padajiwitsa galu: malonda ankayenda. Ana obadwa pambuyo pake ankamva kwa alendo kuti Mayi anamwalira kalekale, ndipo palibe ankawakonza.

Anthu ochuluka chonchi akakhulupirira chinthu, chinthucho chimayamba kuchitika. Poyamba galu wa pakhomo analeka kugwedezera mchira amayi Lua. Kenako chithunzithunzi chawo padzuwa chinayamba kutumbuluka. Ndikawapititsira phala ndinkayang'ana kawiri pamkeka ndisanawaone, ndipo akatukwana mawu ankamveka ngati akuchokera kutsidya. Ankadya bwino, sankadwala. Ankangochepa.

Tham ankaziona zonsezi ndipo zinkamudya. Anaonda mpaka khosi kutalika. Nsembe zikachotsedwa paguwa ankasankha nyama yofewa kwambiri n'kuthamangira nayo kuseri, akupewa kuyang'ana amayi ake m'maso.

"Ndiwo za maliro angazi chaka chino mchere wakwana," amayi Lua ankatero, akunyambita zala. "Uwauze chaka chamawa asachulutse shuga."

"Amayi, musamatero."

"Ndizitani nanga? Akufa sadandaula?"

Tsiku lina Tham anakhala pa benchi yanga, phala n'kulisiya mpaka kuundana. "Achemwali Muoi, ndawapha amayi anga ndi pakamwa pangapa. Mawa ndikawauza anthu."

"Kawauze lero, mawa lako lija linayamba liti?"

Sanawauze. Basi ikafika, alendo akagwada ndi misozi, lilime linkamulemera. Mlandu suola, unangomudikira.

Chikumbutso cha chaka chathachi, dzuwa lili paliwombo, Tham anapita kuseri ndi mbale ya nyama n'kupeza mkeka ukuoneka kupyola m'thupi la amayi ake. Mbale inagwa. Anawabereka kumsana, ndipo akuti ankalemera ngati dengu lopanda kanthu. Anadutsa pakati pa khwimbi la anthu, tsitsi balala, mpaka pamasitepe a kachisi.

"Amayi anga ali moyo! Ndi awa! Tsiku lija ndinanama ine, ndinalipeka pa benchi ya phala! Zimitsani lubaniyo, chonde zimitsani!"

Ng'oma zinaleka. Ife a pamudzi tinkaona kankhalamba kumsanako, movutikira. Alendo sankaona kanthu, kupatula mzimayi wowerama akulira atagwira mphepo. Bambo wina wa chimkuzamawu ndiye anamaliza zonse.

"Mayi watsikira pa mwana wake! Mwamva? Akuti ali moyo! Mayi ndi wamoyo mpaka kalekale!"

Anthu onse anagwada, n'kuyatsa lubani yense amene anali m'zikwama. Utsi unaphimba dzuwa. Ine ndinakuwa kuti ndi zoona, gogoyo alipo, dzulo anandinena kuti phala langa ndi madzi otsukira mbale, koma mawu a wogulitsa phala pakati pa anthu zikwi ndani angawamve?

Tham anathawira kudooko, pa chikhomo chakale chija, n'kutsitsa amayi ake pansi. Zaka zonsezi ankasesa kachisi ndi kupukuta fano koma anali asanapemphepo kanthu. Tsiku limenelo anagwetsa chipumi m'matope.

"Mayi wa pa Dooko, thandizeni. Ndibwezereni amayi anga."

Mayi anatsika masitepe, nkhafi ili m'manja, anthu akumupatukira. Sindinamuonepo wowala chonchija, anali atakhuta utsi. Pamadzi panayandama bwato latsopano lomwe kunalibe m'mawa.

"Mwana wanga wokondedwa," anatero, akumusisita Tham kumutu, "kubweza sindikudziwa. Palibe anandiuzapo kuti ndimabweza. Chimene ndimadziwa ine ndi kuolotsa."

"Ayi, kumeneko ayi! Si zimene ndapempha!"

"Ndakukhululukira, mwana wanga."

Amayi Lua anadzuka okha, n'kumuyang'ana Mayi kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Kanali koyamba kuonana.

"Ndiye ndiwe ukudya nthochi zanga? Taonani kagwiridwe ka nkhafi. Ukufuna kupalasa kapena kupha nayo ntchentche? Bweretsa kuno. Khala pakati apo, usagwedezeke."

Mayi anapereka nkhafi n'kukhala pansi ngati mlendo wopita kumsika. Amayi Lua ataigwira, manja awo anaoneka bwinobwino, misempha yonse, kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri. Tham anagwira m'mphepete mwa bwato, madzi ali m'chiuno.

"Amayi, nditukwaneni. Ndimenyeni ndi nkhafiyo. Ndine ndinachita."

Amayi Lua anamuyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakugwedera ngati akusankha chitukwano choyenera. Kenako analavulira m'madzi.

"Chotsa manja, ungapweteke zala."

Ndi zokhazo. Amayi Lua anakankha bwato, n'kudutsa mu namasupuni mowongoka ngati kale. Pakati pa mtsinje utsi unawaphimba. Bwato litabwerera munali Mayi yekha, akupalasa mokhotakhota.

Tinaika m'manda mkeka ndi chipewa. Tsiku la imfa silinafunike kusintha, linali lomwe lija Tham anatchula pa benchi yanga, ndipo alendo mpaka lero amati chimenechi ndi chozizwitsa.

Tham akusamalirabe kachisi. Koma tsopano basi ikangoima amathamangira pachitseko cha basiyo, n'kuyamba kuuza aliyense wotsika kuti amayi ake anali a mano akuda, ankalavula paliponse, ankatukwana kuyambira m'mawa, ndipo mwana wawo ankamutcha bakha. Amandikokera inenso kuti ndichitire umboni, ndipo ndimachitira, phala likupserera. Maganizo ake ndi akuti anthu okwanira akakhulupirira, tsiku lina Mayi adzatsegula pakamwa n'kumulalatira mmene akuyenera. Alendo amamvetsera mwaulemu, amagwedeza mitu, ena amamupatsa madzi akumwa. Akalowa m'kati amanong'onezana kuti chisoni chinamusokoneza mutu, mwana wa mayi wabwino chonchija.

Ndiye m'mawa uliwonse Tham akatsegula zitseko ndi tsache m'manja, amaima kaye kudikira. Mayi amamuyang'ana ndi nkhope ya amayi ake, n'kumwetulira.

"Wadzuka bwanji, mwana wanga wokondedwa? Ndakukhululukira."

Tham amasesa akulira.